Magazi akadzadza pakati pa ubongo ndi chikuto chake: kodi kuboola chigaza n'kofunikadi?

Funso

Bambo anga ali ndi zaka 74. Masabata asanu apitawo anaterereka m'bafa n'kugunda mutu pakhoma. Sanakomoke, sanatuluke magazi, ndipo tsiku lomwelo anapitiriza ntchito zawo. Sabata yathayi ayamba kudandaula mutu, kugona masana onse, kusokoneza mayina a adzukulu awo, ndipo mwendo wakumanja akuukoka. Atawajambula mutu, adokotala akuti kumanzere kuli magazi pakati pa ubongo ndi chikuto chake, ndipo akufuna kuboola chigaza. Bambo amamwa warfarin, mankhwala oletsa kuundana kwa magazi, chifukwa cha vuto la mtima. Zitheka bwanji kuti kugwa kwakalekale kuwavutitse lero? Kodi palibe mankhwala ongosungunula magaziwo, osafika pa mpeni?

Yankho

Tiyambe ndi chimene chikukusowetsani tulo. Kwa munthu amene wafika pokoka mwendo ndi kusokoneza mayina, palibe piritsi kapena jakisoni amene angachotse magaziwo nthawi isanathe. Opaleshoni imene adokotala akukambayo ndiyo chithandizo choyenera, ndipo mwa maopaleshoni a m'mutu, iyi ndi imodzi mwa yaifupi komanso yopindulitsa kwambiri. Okalamba ambiri amene amalowa m'chipinda cha opaleshoni atabalalika mutu amayamba kuzindikira abale awo ndi kuponda bwino pakangopita masiku ochepa. Chonde musawatulutse m'chipatala kuti mukayese zina.

Kuti mumvetse chimene chachitika, muyenera kudziwa mmene mutu unapangidwira. Ubongo sukhudzana ndi fupa mwachindunji. Unakutidwa ndi nembanemba zitatu. Yakunja, yotchedwa dura, ndi yolimba ngati chikopa chofufuta ndipo inamatirira kuchigaza. Pansi pake pali arachnoid, yopyapyala ngati ukonde wa kangaude, ndipo pansi pa imeneyi m'mene mumayenda madzi amene ubongo umayandamamo. Yachitatu, pia, inamatirira paubongo penipeni. Magazi ochoka pamwamba pa ubongo pobwerera kumtima amadutsa m'timitsempha tating'ono timene timaoloka ngati timilatho kuchokera paubongo kukalowa m'ngalande zikuluzikulu za mu dura. Mutu ukagundidwa, chigaza chimaima mwadzidzidzi pamene ubongo ukadasunthabe, ndipo kamtsempha kamodzi kamaduka. Magazi amayamba kukha pansi pa dura. Vutoli madokotala amalitchula kuti subdural haematoma.

Munthu akamakalamba ubongo umanyala pang'onopang'ono, koma chigaza chimakhala chomwecho. Mpata wa pakati umakula, timitsempha tija timakokeka ngati chingwe chomangidwa mothina, ndipo kuti tiduke sipafunika ngozi yaikulu. Kugunda mutu pachitseko cha galimoto, kugwa chokhala pansi, zonsezi n'zokwanira. Odwala ambiri sakumbukira n'komwe kuti anagwapo. Kumwa mowa kwambiri kwa zaka zambiri kumachitanso chimodzimodzi: kumanyalitsa ubongo, kumagwetsa munthu kawirikawiri, ndiponso kumawononga chiwindi chimene chimapanga zinthu zothandiza magazi kuundana. Pamwamba pa zonsezi pali mankhwala monga warfarin, aspirin, clopidogrel, rivaroxaban, apixaban ndi dabigatran. Mankhwalawa ndi ofunika, amateteza anthu ku sitiroko, koma kamtsempha kakaduka amachedwetsa kutsekeka kwa bala.

Mpata womwewo ndi umene unabisa matendawa kwa masabata asanu. Magazi oyamba anali ochepa ndipo anapeza malo, choncho bambo anu sanamve kanthu. Koma thupi likaona magazi pamalo osayenera limawazinga ndi nembanemba yatsopano, ngati thumba. M'makoma a thumbali mumamera timitsempha tatsopano tosalimba, timene timangochucha magazi ndi madzi pang'onopang'ono. Magazi akale aja amasungunuka n'kusanduka madzi akuda ngati oyilo wa galimoto amene watha ntchito, ndipo m'madzimo muli zinthu zolepheretsa magazi atsopano kuundana. Thumba limakula tsiku ndi tsiku, ngakhale kamtsempha kanaduka koyamba kaja katapola kalekale. Apa mukuona chifukwa chake maganizo ongosungunula magazi sangathandize: magaziwo anasungunuka kale, chimene chikusowa ndi potulukira.

Chigaza cha munthu wamkulu sichifutukuka. Mkati mwake muli ubongo wa mamililita pafupifupi 1,400, magazi pafupifupi 150 ndi madzi a ubongo pafupifupi 150. Chinthu china chikalowamo, thupi limayamba lakankhira kunja madzi ndi magazi ena kuti lipeze malo. Likatha kutero, chotsala kukankhidwa ndi ubongo. N'chifukwa chake munthu amatha kuoneka bwinobwino kwa masabata kenako n'kufooka m'masiku awiri okha. Kuti magazi ali kumanzere koma mwendo wofooka ndi wakumanja n'zoyembekezeka, pakuti mbali iliyonse ya ubongo imalamulira mbali inayo ya thupi. Mwa anthu ambiri kumanzere n'kumenenso kuli gawo la chilankhulo, ndiye kusowa mawu ndi kusokoneza mayina zikuchokera komweko.

Chimene chimatipweteka mtima pa matendawa n'choti mabanja ambiri amawatenga ngati ukalamba chabe, kapena ngati sitiroko imene palibe chochita nayo. Kuiwala kwa ukalamba kumabwera pa miyezi ndi zaka. Wachikulire amene wasintha khalidwe, wayamba kudzandira, kugonagona kapena kudzikodzera m'masabata ochepa okha, makamaka ngati lero ali bwino mawa wasokonezeka, ayenera kujambulidwa mutu ngakhale palibe amene anamuona akugwa.

Chojambulira choyamba ndi sikani ya CT, imene imatenga mphindi zochepa. Magazi a pansi pa dura amaoneka ngati mwezi wongokhala kumene, atayala motsatira chigaza. Mtundu wake umauza dokotala msinkhu wa magaziwo. Atsopano, osapitirira masiku atatu, amaoneka oyera. Pakati pa sabata imodzi ndi atatu amafanana ndi ubongo ndipo diso losazolowera likhoza kuwaphonya, makamaka akakhala mbali zonse ziwiri. Opitirira masabata atatu amaoneka akuda. Zoyera zikasakanikirana ndi zakuda ndiye kuti m'thumba lakale mwakhanso magazi atsopano. Chithunzi wamba cha X-ray chimangoonetsa fupa, ndipo kupeza kuti chigaza sichinasweke sikutanthauza kuti mkati muli bwino.

Pa sikaniyo adokotala amayeza zinthu ziwiri: kukhuthala kwa magazi, ndi mtunda umene mzere wa pakati pa ubongo wakankhidwira kumbali. Magazi okhuthala kupitirira mamilimita 10, kapena mzere wosuntha kupitirira mamilimita 5, ndi malire amene madokotala a ubongo amagwiritsa ntchito posankha opaleshoni. Pa magazi akale, zizindikiro za wodwala zimalemera kuposa manambala. Kathumba kakang'ono kopezeka mwangozi mwa munthu amene alibe vuto lililonse kangathe kungoyang'aniridwa, n'kujambulanso pakapita masabata angapo, ndipo tina timaphwa tokha. Bambo anu anadutsa kale pamenepo. Funsani adokotala kuti akuuzeni manambala awiriwa, komanso ngati magazi ali mbali imodzi yokha.

Asanagwire mpeni, ntchito yoyamba ndi ya warfarin. Amasiya kuwapatsa, n'kuyeza magazi kuti aone nambala yotchedwa INR, yosonyeza mmene magazi akuchedwera kuundana. Munthu wosamwa mankhwalawa amakhala pafupi ndi 1, womwa warfarin kawirikawiri amasungidwa pakati pa 2 ndi 3, ndipo opaleshoni ya m'mutu imafuna kuti itsike kufika pafupifupi 1.4 kapena kucheperapo. Vitamini K wa m'mitsempha, mamiligalamu 5 mpaka 10, amabweza mphamvu ya warfarin koma amatenga maola angapo kuti agwire. Zinthu zikafulumira amawonjezera mankhwala othandiza magazi kuundana otchedwa prothrombin complex concentrate, amene amagwira m'mphindi zochepa, kapena madzi a magazi otchedwa plasma pamene mankhwalawa palibe. Uzani adokotala mankhwala onse amene bambo amamwa, ogula okha ndi azitsamba omwe, ndiponso nthawi imene anamwa warfarin komaliza. Muwauzenso vuto lenileni la mtimalo. Munthu amene anaikidwa valavu yachitsulo mumtima sangakhale nthawi yaitali osamwa mankhwala oletsa kuundana kwa magazi, ndipo dongosolo lake limasiyana ndi la amene mtima wake umangogunda mosalongosoka.

Opaleshoni yeniyeniyo nthawi zambiri sipitirira ola limodzi. Wodwala amagonekedwa tulo, kapena ngati mtima ndi mapapo n'zofooka amangochititsidwa dzanzi pamalo ochekapo. Ameta tsitsi pang'ono, n'kucheka khungu masentimita atatu kapena anayi. Pafupa amaboola bowo limodzi kapena awiri, lililonse lotambalala pafupifupi sentimita imodzi ndi theka. Akatsegula dura ndi khoma lakunja la thumba lija, madzi akuda amatumphuka okha chifukwa cha kupanikizika. Kenako amatsuka mkatimo ndi madzi amchere ofunda ngati thupi mpaka otuluka ayere. Ubongo saucheka ayi; ntchito yonse imathera pamwamba pake. Pomaliza amasiya kachubu kofewa kolumikizidwa ku thumba lapulasitiki lopachikidwa m'munsi mwa mutu, kuti zotsalira zizituluka kwa maola 24 mpaka 48.

Kachubuka musakapeputse. Pa kafukufuku wa ku Cambridge amene anafalitsidwa mu 2009, magazi anadzadzanso mwa odwala 24 pa 100 alionse amene sanaikidwe kachubu, pamene mwa amene anaikidwa anali 9 pa 100 okha, ndipo amene anamwalira m'miyezi isanu ndi umodzi analinso ochepa m'gulu la kachubu. Ngati mukuwadikirira kuchipatala, yang'anirani kuti bambo asakazule ali m'kusokonezeka, thumba lapulasitikilo lisakwezedwe pamwamba pa mutu, ndipo muitane anamwino msanga mukaona kuti mukutuluka magazi ofiira kwambiri kapena madzi oyera ochuluka. Kawirikawiri mabowo a pafupa satsekedwa. Khungu limawaphimba ndipo pamangotsala kadzenje kakang'ono komveka ndi chala.

Zovuta zilipo ndipo ndi bwino kuzidziwiratu. Chachikulu ndi kubwerera kwa magazi, kumene kumachitika mwa odwala 10 mpaka 20 pa 100 alionse, kawirikawiri m'miyezi itatu yoyamba. Chifukwa chake n'choti ubongo wa munthu wokalamba umene wapanikizidwa kwa masabata sufutukuka msanga kudzadza mpata, ndipo makoma a thumba aja amakhala akadalipo. Magazi akabwerera amabwerezanso opaleshoni, ndipo ambiri amachira ndithu. Mpweya ungathe kutsekeredwa m'mutu n'kuyamba kupanikiza ubongo. Magazi atsopano angathe kutuluka, makamaka ngati warfarin sanathe mphamvu. Ena amagwa ngati akhunyu, ena bala limachita mafinya. Ngati thumba lili ndi zipinda zambiri kapena muli magazi oundana amene sangadutse pabowo, adokotala amachotsa kachidutswa kokulirapo ka fupa n'kukabwezera akamaliza. Komabe zimene zimapha okalamba ambiri pambuyo pa opaleshoniyi zimachokera pa kugona nthawi yaitali: chibayo, magazi kuundana m'miyendo, zilonda za pabedi. Choncho adokotala akangolola, bambo akhale tsonga, ayambe kuyenda ndi kuchita mafizo.

Pa nkhani ya mankhwala, amene anayesedwa kwambiri ndi dexamethasone. Kafukufuku wa ku Britain wa mu 2020, wa odwala oposa 700, anapeza kuti amene anamwa mankhwalawa anabwerezedwa opaleshoni mocheperapo, koma pa miyezi isanu ndi umodzi amene anachira bwino anali 84 pa 100, poyerekeza ndi 90 pa 100 mwa amene sanamwe. Mankhwalawa amakweza shuga, amafooketsa chitetezo cha thupi ndipo amasokoneza mutu, zimene wokalamba sangazipirire mosavuta. Njira yatsopano imene ikulonjeza zabwino ndi yotseka mtsempha wotchedwa middle meningeal artery, umene umadyetsa makoma a thumba lija. Amalowetsa kachubu kopyapyala kuchokera pa mphechepeche kapena pamkono mpaka kumutu, n'kuthira mankhwala omata. Pa kafukufuku wotchedwa EMBOLISE wa mu 2024, kuwonjezera njirayi pa opaleshoni kunatsitsa chiwerengero cha obwerezedwa opaleshoni m'masiku 90 kuchoka pa 11 kufika pa 4 pa 100 alionse. Koma njirayi imangoumitsa gwero. Magazi amene alimo kale amatenga masabata kuti aphwe. Kwa munthu amene mwendo wafooka kale, ingathandize ngati chowonjezera, kuboola kuja kutachitika.

Pali mtundu wina wa matenda omwewa umene owerenga ena ayenera kuudziwa, chifukwa umapha m'maola. Pa ngozi ya galimoto, ya njinga yamoto, kugwa kuchokera pamwamba kapena kumenyedwa, magazi amatuluka ambiri nthawi imodzi n'kuundana ngati chiwindi, ndipo kawirikawiri ubongo womwe umakhala utavulala n'kuyamba kutupa. Apa bowo laling'ono silithandiza. Amachotsa chidutswa chachikulu cha chigaza, n'kuchotsa magazi oundanawo ndi kutseka mtsempha wotuluka magazi. Ubongo ukatupa kwambiri fupalo salibwezera, amalisunga kapena amadzaika chophimba china pakapita masabata kapena miyezi. Kafukufuku wa RESCUE-ASDH wa mu 2023, wa odwala 450, anapeza kuti pamene ubongo sunatupe kwambiri, kubwezera fupa ndi kusalibwezera kumapereka zotsatira zofanana pakatha chaka. Kufunika kwa changu kunaoneka kalekale: mu 1981 madokotala a ku Virginia anapeza kuti mwa okomoka amene anachitidwa opaleshoni pasanathe maola anayi anamwalira 30 pa 100, pamene mwa ochedwa anamwalira 90 pa 100.

Poyembekezera opaleshoni yotereyi, achipatala amateteza ubongo ku zinthu ziwiri zimene zimauwononga msanga, kuchepa kwa okosijeni ndi kutsika kwa kuthamanga kwa magazi. Amakweza kumutu kwa bedi madigiri 30, amaika chubu chopumira ngati wodwala wakomoka kwambiri, ndipo amapereka mannitol kapena madzi amchere wambiri kuti akoke madzi muubongo kwa kanthawi. Tranexamic acid, mankhwala ochepetsa kutuluka kwa magazi, amathandiza akaperekedwa pasanathe maola atatu chivulalireni, makamaka kwa amene sanakomoke kotheratu. Mankhwala oteteza kugwa khunyu, phenytoin kapena levetiracetam, amaperekedwa kwa masiku 7. Mukamva anamwino akutchula nambala ya pakati pa 3 ndi 15, imeneyo ndi Glasgow Coma Scale, muyeso umene Graham Teasdale ndi Bryan Jennett anakonza mu 1974 poona mmene wodwala akutsegulira maso, kulankhula ndi kusuntha. Nambala ya 15 ndi munthu wozindikira bwino, 8 kutsika pansi ndi wokomoka kwambiri, ndipo kutsika ndi 2 pa nthawi yochepa ndi chenjezo lalikulu.

Thumba la magazi akale nalonso lingasanduke ngozi ya maola, choncho pamene bambo akudikira opaleshoni, pali zizindikiro zoti mukaziona muitane anamwino nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Akavuta kudzutsa kapena akangodzuka n'kugonanso. Akasanza mobwerezabwereza. Mutu ukawawa koposa kale. Akagwa ngati akhunyu, kapena dzanja ndi mwendo zikafookeratu. Mwanadiso wa diso limodzi akakula kuposa mnzake n'kusiya kuchepa mukawunika ndi tochi, ndiye kuti ubongo wakankhidwa mpaka kutsina mtsempha wa diso, ndipo zatsala mphindi. Kuthamanga kwa magazi kukakwera pamene mtima ukugunda pang'onopang'ono ndi kupuma kukusokonekera, zinthu zafika pamapeto penipeni. Tulo ta munthu wovulala mutu tizitiyesa pomudzutsa, tisamangoti akupuma.

Kwa aliyense amene wapeza munthu wovulala mutu: musapinde khosi lake pomunyamula, mugonekeni cham'mbali ngati akusanza, musam'patse chakudya, madzi kapena mowa, ndipo pa ululu paracetamol yekha ndiye woyenera, pakuti aspirin, ibuprofen ndi diclofenac amawonjezera kutuluka kwa magazi. Munthu womwa mankhwala oletsa kuundana kwa magazi akagunda mutu apite kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale akumva bwino. Ndipo khanda lisagwedezedwe mwamphamvu ngakhale litalira chotani, chifukwa timitsempha tomwe tija timaduka. Liwombo lotupa, kusanza, kukana kuyamwa ndi kugonagona ndi zizindikiro zake.

Bambo akatuluka m'chipatala, ulusi wa pabala umachotsedwa pakatha masiku 7 mpaka 10. Kutopa, mutu wowawa pang'ono ndi kuchedwa kuganiza zingapitirire kwa masabata angapo. Sikani ya masiku oyamba ikaonetsa kuti mwatsala madzi pang'ono musadandaule, zimenezi zimachitika kwa ambiri ndipo amaphwa pa miyezi ingapo. Chimene adokotala amatsatira ndi mmene munthuyo alili. Zizindikiro zakale zikayambiranso, bwererani kuchipatala osadikira tsiku limene anakulemberani. Asayendetse galimoto mpaka adokotala atalola, ndipo mowa ausiye. Konzani m'nyumba kuti asagwenso: mphasa yosaterera ndi chogwirira m'bafa, nyale yoyaka usiku panjira ya kuchimbudzi, nsapato zogwira pansi, ndodo ngati akudzandira. Maso awo ayezedwe, ndipo mankhwala ogonetsa kapena otsitsa kuthamanga kwa magazi aunikidwenso ngati amawachititsa chizungulire akaimirira.

Chinthu chimodzi musachoke m'chipatala chisanalembedwe papepala: tsiku loyambiranso warfarin, ndi dokotala amene adzagamule zimenezo. Kuyamba msanga kungadzadzitsenso thumba, kuchedwa kungabweretse sitiroko, ndipo chigamulochi chimafuna dokotala wa ubongo ndi wa mtima atakambirana, nthawi zambiri ataona sikani ina. Ngati vuto la bambo ndi kugunda kosalongosoka kwa mtima ndipo alibe valavu yachitsulo, funsani ngati angasinthidwire ku mankhwala monga apixaban, amene amatulutsa magazi m'mutu mocheperapo poyerekeza ndi warfarin. Mabotolo akale a warfarin amene ali kunyumba muwachotse pamene bambo angawafikire, chifukwa munthu amene wamwa piritsi madzulo alionse kwa zaka zambiri amalitola mwachizolowezi, makamaka m'masabata amene mutu usanabwerere m'malo.